Phulusa pa mandala a akazi anga

Ine galasi ndimalidziwa. Zina zonse mukhoza kunditsutsa. Sukulu ndinalekera panjira, Chingerezi changa ndi cha kukhitchini, Chishona changa ana a muno mu Sakubva amachiseka mpaka lero. Koma pa galasi musayerekeze. Ndinayamba kupukuta mazenera ndevu zisanamere, pa famu ina ya fodya cha ku Odzi, kuno ku Zimbabwe, kumene bambo anga anafikira atachoka ku Dedza wapansi. Nyumba ya mzungu inali ndi mazenera ngati chipatala, ndipo dona wake anali ndi muyeso umodzi wokha. Ankaima pa kapinga n'kudziyang'ana pa zenera. Akaona tsitsi lake bwinobwino, ntchito yatheka. Akapanda kuliona, bwereza. Choncho ine ndinakula ndikudziwa kuti galasi laukhondo ndi lonyezimira, lokubwezera nkhope yako, lothobwa m'maso dzuwa likaliwomba. Zida zanga zinali zitatu: phulusa la zitsononkho losefa pa nsalu, nyuzipepala yakale, ndi malovu pang'ono dona akayang'ana kumbali.

Mafamu atalandidwa tinabwera ku Mutare ngati anzathu ambiri, ine ndi mtolo wa mabulangete, akazi anga ndi makina awo osokera pamutu. Tinapeza zipinda ziwiri mu Sakubva. Ine ndinkagwira ganyu ku Paulington, pa malo ena odula magalasi a mazenera ndi a galimoto, ndipo Loweruka ndinkapita ku Fairbridge Park kukatsuka mazenera a anthu. Koma ndisakunamizeni, chimene chinatidyetsa zaka zonsezi ndi makina aja. Mayunifomu a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi, zigamba za mathalauza a makondakitala a makombi, maminibasi a kuno. Ine ndinkabweretsa nkhani, iwo ankabweretsa ufa.

Tsono akazi angawa anali ndi mantha amodzi moyo wawo wonse. Amayi awo anachita khungu ndi ng'ala tili pa famu paja. Anakhala zaka zambiri pakhonde, akutsogoleredwa ndi ndodo kupita kuchimbudzi, akufunsa aliyense wodutsa kuti, "Ndani ameneyo?" Akazi anga ndi amene ankagwira mbali ina ya ndodoyo. Ndiye maso awo atayamba kuchita chifunga, zaka zingapo zapitazi, analeka kudya. Mwamwayi masiku ano ng'ala amaichotsa. Anawachita opaleshoni diso lina, patapita miyezi linanso. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Joni anabwera, n'kuwatengera m'tauni kwa oyeza maso, n'kuwagulira mandala. Anati, "Baba, awa si mandala a pamsika. Musawakhudze." Anandiloza ndi chala, ine bambo wake.

Mandalawo anali achilendo ndithu. Akawavala, umangoona maso awo mbee, ngati mu felemu mulibe kanthu. Nkhope yako suioneramo, zenera sulioneramo. Akazi anga ankalowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha, akuimba nyimbo. Koma ine, munthu wa galasi, ndinaona chimene ena sankachiona. Ukawapendeketsa pa kuwala, pamwamba pake pankaoneka kautoto kobiriwira, kofiirira pang'ono, konga mafuta a galimoto akayandama pa chithaphwi. Kwa ine limenelo linali litsiro. Ndinati m'mtima, a kusitolo aja anangowapereka osawatsuka, aona kuti ogula ndi nkhalamba za ku komboni.

Ndinawauza. "Mayi, mandala anuwa ali ndi mafuta."

"Ali bwino."

"Ndipatseni mphindi ziwiri zokha."

"Bambo a ana, manja anuwo akhale ku mazenera a eni ake. Awa ali ndi kansalu kake."

Kansalu kake! Kansalu kofewa ngati khutu la mbewa. Ine zaka makumi anayi ndi kuposa ndikupukuta galasi, ndigonje kwa kansalu?

Ndinapirira miyezi itatu. Tsiku lina Loweruka m'mawa anatenga ndowa kupita kukasamba, mandala atawaika m'kabokosi kake pamwamba pa makina. Akazi anga akamasamba amatsukanso zidendene ndi mwala, ndiye ndinadziwa kuti nthawi ilipo. Ndinawatulutsa. Ndinauzira mpweya, n'kupukuta ndi malaya. Kobiriwira kaja kali pompo. Sopo ndi madzi. Kali pompo. Ndinati, ehee, litsiro lamakani, wakumana ndi mwini wake. Ndinatsegula chikwama changa cha ntchito, n'kutapa phulusa ndi nsonga ya chala, kulavulira, kuyamba kuzunguliza ndi chala chachikulu. Pakati panayamba kuyera. Ndinawonjezera kadontho ka polishi wopukutira zogwirira zitseko zamkuwa. Ndinamaliza ndi nyuzipepala, mkati ndi kunja, galasi ili ndi ilo.

Ananyezimira, abale. Ndinadziona nkhope, mpaka mpata wa dzino langa lotuluka. Ndinawabwezera m'kabokosi, n'kukhala pa mpando ndikumwa tiyi, ndikuyembekezera kuti anditame. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndinene.

Anabwera, anadzola mafuta, anavala duku, n'kuvala mandala. Anapita pakhomo kukayanika thaulo. Dzuwa linali litangotuluka pamwamba pa phiri. Anaima. Anavula mandala, kuwapukuta ndi kansalu kaja, kuvalanso. Anaimabe.

"Kunjaku kuli utsi?"

"Ayi."

"Palibe amene akuwotcha zinyalala?"

"Palibe, mayi."

Anakhala pa makina, kutenga ulusi. Anaphonya singano kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi anaika ulusi pansi, manja n'kuwakhazika pa maondo.

Tiyi uja anandiwawa m'kamwa. Pamenepo ndi pamene munthu wanzeru akanati, mayi, ndachita zakutizakuti. Mawu ochepa chabe. Ine ndinanyamula chikwama n'kupita ku Fairbridge Park.

Mudzandifunsa kuti unakhaliranji chete. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Poyamba ndinkati mwina maso azolowera, monga mmene nsapato yatsopano imalumira tsiku loyamba. Ndinkatinso mwina si ine, pakuti galasi loyera lingamulepheretse bwanji munthu kuona? Nditabwerako madzulo ndinawayesa ndekha iwo ali kukhitchini, koma mandala a munthu wina amangokuzunguza mutu, sindinaphunzirepo kanthu. Iwo eni ake akawavula kuti awayang'ane, za pafupi saziona bwino, ndiye timikwingwirima ta phulusa sakanationa. Koma chifukwa chenicheni chinali mantha basi. Ndinkaopa akazi anga, ndinkaopanso mwana wa ku Joni uja ndi chala chake. Ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkalemeretsa mawu a tsiku lotsatira.

Lamulungu kutchalitchi sanaone manambala a nyimbo pa bolodi. Anandinong'oneza kuti ndiwawerengere. Potuluka anati mababu a m'tchalitchi anali ndi ndevu, ndipo magalimoto pa msewu ankawathobwa ngati akuwalasa ndi mikondo.

"Mmene zinayambira kale ndi momwemu," anatero.

"Mwina ndi fumbi la mwezi uno, mayi."

"Fumbi lili m'maso mwanga mokha?"

Lachiwiri sindinapite ku Paulington, kunalibe ntchito. Ndinakhala panja ndikukonza njinga ya mnansi. Ndinawaona akutuluka m'nyumba atatsinzina, dzanja lili pa khoma, milomo ikugwedera. Ankawerenga mapazi kuchokera pakhomo kukafika pa mpopi. Anafika, anakhudza mpopi, anatembenuka, n'kuyambanso. Katatu. Sanadziwe kuti ndikuwaona. Nditalowa m'nyumba ndinapeza atamanga kalabala pa chitini cha mchere, kuti adzachisiyanitse ndi cha shuga pongogwira. Zovala zawo anaziika mwa mitundu, za kutchalitchi kumanja, za panyumba kumanzere.

"Mayi anga zinawapeza asanakonzeke," anandiuza. "Ine sizindipeza choncho. Ndipo mwana musamuuze. Wavutika kale mokwanira."

Ndinati, "Tiyeni tibwerere kuchipatala."

"Kukatani? Anachotsa kale. Chimene chabwerera atachichotsa ndiye kuti n'changa."

Nsima ya tsiku limenelo ndinangoiboola pakati. Iwo anaona ngati ndi chisoni, anandigwira paphewa. "Idyani, bambo. Mukadwala inunso, anditsogolera ndani?"

Lachinayi anabwera amayi a kutchalitchi, asanu ndi mmodzi, atavala mabulauzi oyera osokedwa pa makina omwe aja. Anadzaza chipinda. Anaimba, anapemphera, wina m'Chichewa, wina m'Chishona, wina zonse pamodzi. Anadzudzula mzimu wa khungu, anautchula kuti ndi wa kumtundu, ubwerere kumene unachokera. Ine ndinali pa benchi panja, mzimu wa khungu weniweni, nditavala kapusi. Potuluka, mayi wina wamkulu amene amatsogolera gulu lawo anaima patsogolo panga, n'kunditchula sekuru, monga amatchulira agogo aamuna kuno.

"Taonani a sekuru mmene aondera sabata imodzi. Amuna otere anatha. Wanga uja ndikadwala amafunsa kuti ndiwo zili kuti."

"Tikuyesetsa, mayi," ndinatero, maso ali pansi.

Lachisanu anandiuza zimene anaganiza. Makina apita kwa mpongozi wa achimwene awo, amene amakhala kutsidya kwa msika ndipo amasoka pang'ono. Anali atalankhula kale ndi bambo wina wa chingolo kuti adzawanyamule Lolemba m'mawa. Mayunifomu amene anali asanamalize anawapinda, nsalu n'kuzibweza kwa eni ake.

"Mayi, musafulumire."

"Ndiziwamva fungo la oilo ndili pakhonde? Achoke ndikuwaonabe."

Loweruka ndinanyamula chikwama ngati ndikupita ku mazenera, koma ndinakwera kombi ya m'tauni. Sitolo ya mandala ndinkaidziwa, ndinawaperekeza tsiku loyeza. Ndinaizungulira kawiri, ndikuyang'ana zenera lake, limene kunena zoona linali lotsukidwa mwaulesi. Kenako ndinalowa.

Woyeza maso anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, wovala gauni loyera. Atamva kalankhulidwe kanga anamwetulira, nati agogo ake anali a ku Ntcheu. Chichewa chake chinali chotsimphina, ankachichirikiza ndi Chishona, koma tinamvana.

"Ndabwera m'malo mwa mnzanga," ndinatero. "Mnzanga wina, chitsiru ndithu, anatsuka mandala a akazi ake."

"Ndi chiyani, sekuru?"

"Ndi sopo."

"Sopo alibe vuto."

"Ndi phulusa pang'ono."

Anasiya cholembera.

"Ndi polishi wa mkuwa. Kadontho."

"Maiwe," anatero. Anagwira pakamwa. "Chifukwa chiyani?"

"Akuti panali mafuta obiriwira. Ndiye anawachotsa, mpaka ananyezimira bwinobwino."

Anandikhazika pa mpando. Anatulutsa magalasi awiri m'dirowa, n'kuwaika pansi pa babu. Lina linkaonetsa babu loyera ngwee. Linalo babu linkaoneka mozimiririka, mobiriwira.

"Labwino ndi liti, sekuru?"

Ndinaloza lonyezimira. Dzanja linangopita lokha.

"Ayi. Kunyezimira kumene mukuonako ndi kuwala kumene kwagunda galasi n'kubwerera. Sikunalowe. Diso la wovala silinakulandire, ndipo kwina kumangovinavina pa galasi n'kumamuthobwa. Ili linalo analiika timiyalo topyapyala kwambiri pamwamba, toti simungatione ngakhale kutimva ndi chala, kuti kuwala kuzidutsa m'malo mobwerera. Kobiriwira kaja ndi chizindikiro chake. Si litsiro. Ndi chimene munalipirira."

"Mnzanga," ndinamukonza.

"Chimene mnzanu analipirira."

Kenako anatenga foni yake n'kundionetsa chithunzi. Ndinaona ngati munda wa mbatata ukauyang'ana uli pamwamba pa phiri, timitumbira tandandalika, tofanana tonse, mzere ndi mzere.

"Ili ndi diso la gulugufe wausiku, uja amazungulira nyali, atalikulitsa ndi makina. Timitumbira timeneti n'tating'ono mwakuti tsitsi limodzi lingatiphimbe mazanamazana. Kuwala kukafika pa galasi losalala kumakhala ngati kwagunda khoma. Kukafika pa timitumbira sikupeza khoma, kumangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kulowa. N'chifukwa chake diso lake silinyezimira, ndipo zomudya sizimuona msanga. Masiku ano opanga magalasi akutengera nzeru imeneyi, akusema timitumbira totere pa magalasi a makamera ndi pa zinthu zina. A mandala ambiri ndi a timiyalo tija, koma cholinga n'chimodzi, galasi lisabweze kuwala."

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ine mwana wa pa famu ndimadziwa chimene chimachitika ukalowetsa ng'ombe m'munda wounga kale.

"Ndiye mnzangayo wasalaza munda wolimalima."

"Wasalaza, n'kukandanso nthaka yake. Mandala amenewa si galasi la zenera, ndi pulasitiki. Phulusa lasiya timikwingwirima tosawerengeka. Ovalayo akuona ngati ali mu utsi."

"Sangakonzedwe?"

"Ayi. Timaitanitsa ena ku Harare, masabata awiri. Koma felemu iyenera kubwera kuno." Anayang'ana chikwama changa. Pakamwa pake panali potseguka, nyuzipepala ndi chitini cha phulusa zili poyera. "Mnzanuyo mumasungirana zida?"

Iye sanaseke, ndipo ndimamuthokoza pa chimenecho.

"Sekuru, mverani. Ndawakumbukira a gogo, aja osoka, anabwera ndi mwana wawo. Mwina ndi mandala okha. Koma nthawi zina munthu akachitidwa opaleshoni ya ng'ala, kachifunga kamabweranso kuseri, m'diso mwenimweni. Sindinganene ndisanawaone. Bwerani nawo. Iwo akudziwa zimene zinachitika?"

"Sakudziwa."

"Akuganiza chiyani?"

"Akuti akuchita khungu."

"Kuyambira liti?"

"Loweruka lapita."

Anangondiyang'ana. Azungu anandilalatirapo, apolisi anandikankhapo, koma diso la mwana uja linandipweteka kuposa zonsezo.

Ndinatuluka ndi mantha awiri m'malo mwa amodzi. Ngati ndi phulusa, ndine wolakwa. Ngati si phulusa lokha, akazi anga akuchitadi khungu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Sakubva ndikupemphera pemphero limene sindikhulupirira kuti wina analipempherapo: Ambuye, chonde, ndikhale ine.

Mukuganiza kuti ndinafika n'kunena? Ndinafika n'kupeza akupukuta makina ndi oilo, akulongedza mabobini m'kachitini. Ndinati ndinena tikadya. Titadya ndinati mawa tikachoka kutchalitchi. Titachoka kutchalitchi kunabwera achimwene awo kudzazonda, anakhala mpaka dzuwa kulowa, akukamba za mayi awo ndi ndodo ija. Ine lilime ndili nalo lalitali, pa maliro amandiitana kuti ndiseketse anthu, koma masiku awiri amenewo linauma ngati chikopa.

Lolemba m'mawa wa chingolo anafika. Bambo wamkulu ndithu, wa ku Zimunya, wosakonda zolankhula. Anayala makatoni m'chingolo, n'kulowa m'nyumba. Akazi anga anaika dzanja pa gudumu la makina, kulizunguliza kamodzi, n'kuchoka.

"Nyamulani. Bambo a ana, agwireni mbali iyo."

Ndinagwira. Tinafika nawo pakhomo. Pamenepo ndinaima. Ndinatsitsa mbali yanga pansi.

"Mayi, si maso anu."

"Mukuti chiyani?"

"Ndi mandala. Ndinawatsuka ndi phulusa. Loweruka lija muli kosamba."

Wa chingolo anatsitsanso mbali yake. Anayang'ana ine, anayang'ana iwo, anatuluka n'kukaima ku geti, akuyang'ana phiri ngati waliona koyamba.

Akazi anga anavula mandala pang'onopang'ono. Anawagwira m'manja.

"Phulusa."

"Ndi polishi pang'ono. Ndinkafuna anyezimire."

"Loweruka lija."

"Eya."

"Ndinakufunsani ngati kunja kuli utsi."

"Munandifunsa."

"Munandiona ndikuwerenga mapazi?"

Ndikanatha kunama pamenepo. Ndinati, "Ndinakuonani."

Anakhala pansi pa simenti, pakhomo pomwepo, pambali pa makina. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, akananditema ndi kapu. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, mwina iwonso sankadziwa. Ndinawauza zonse za kwa woyeza maso, za timiyalo, za gulugufe, ndiponso mawu aja akuti mwina kachifunga kali m'diso. Amenewo ndinafuna kuwameza, koma ndinati ndameza zokwanira.

Anadzuka, anasintha duku, anatenga singano ndi ulusi wakuda n'kuzibaya pa kolala ya bulauzi.

"Makina akhale pomwepa," anauza wa chingolo. "Asalowe, asatuluke. Mnansi awayang'anira. Ndikabwera ndikuuzani kolowera."

Mu kombi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni pakati pa thumba la kabichi ndi mayi wina wonenepa. Njira yonse ndinkangoona duku lawo.

Woyeza maso anatilandira ngati sanandionepo. Anawalowetsa m'kachipinda, ine ndinaima pakhomo, kapusi ili m'manja. Anayang'ana mandala aja pa babu, n'kupukusa mutu. Kenako anawakhazika pa makina ena, chibwano pa kachitsulo, n'kuwaunika m'diso ndi kanyali. Diso lamanja. Anakhalitsa. Diso lamanzere. Anabwereranso ku lamanja. Ndinkayang'ana nkhope yake kuti ndiwerengepo kanthu, koma anthu a chipatala amaphunzitsidwa nkhope ya khoma.

Anawaveka chifelemu cholemera chachitsulo, n'kulowetsamo timagalasi take toyezera. Anayatsa bolodi la zilembo pa khoma.

"Werengani, gogo."

Anawerenga mzere wapamwamba. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi anaima pang'ono, kenako anapitiriza. Anatsika mpaka ku tizilembo timene ine ndili pakhomo ndinkationa ngati nyerere.

"Utsi ulipo?"

"Palibe."

"M'maso mwanu ndi moyera, gogo. Mulibe kanthu."

Akazi anga sanakhulupirire bolodi. "Ndiikire ta pafupi, mwanangu." Atawasinthira timagalasi, anazula singano pa kolala, ananyowetsa ulusi ndi milomo, anakweza manja. Unalowa kamodzi. Anausolola, n'kuulowetsanso. Anausololanso, n'kuulowetsa kachitatu. Kenako anaphimba nkhope ndi manja, chifelemu chachitsulo chili pomwepo, ndipo mtsikana uja anawagwira kumsana mpaka anatonthola.

Ine ndinatsamira chitseko. Ndinafuna kunena kanthu koseketsa, mwa chizolowezi. Palibe chinabwera.

Felemu tinaisiya. Panja, pa khonde la sitolo, anthu akutidutsa uku ndi uku, anaima n'kutembenukira kwa ine koyamba chichokereni kunyumba. Opanda mandala maso awo ankaoneka aang'ono, otopa.

"Za phulusa ndakukhululukirani. Ndinu chitsiru cha galasi, ndinakwatiwa nacho ndikudziwa. Koma masiku naini aja, bambo a ana, amenewo mundipatse nthawi."

"Ndamva, mayi."

"Makina mukawalowetse nokha, wa chingolo musamuvutitse. Nsalu za anthu mukazitenge khomo ndi khomo, ndipo aliyense akakufunsani chifukwa chake, mumuuze. Lachinayi mukaime pamaso pa amayi. Sindifuna wina akachitire umboni kutchalitchi kuti anatulutsa chiwanda, chiwanda chili kunyumba chikumwa tiyi."

"Zonsezo ndichita."

"Sindinamalize."

Anapisa dzanja m'chikwama, anatulutsa foni, anaibweretsa pafupi ndi mphuno, anaitalikitsa, n'kundipatsa.

"Sindikuona manambala. Muimbireni mwana."

"Pano? Mwina ali pa ntchito. Tidikire madzulo."

"Mwadikira mokwanira."

Ndinaimba. Inalira kamodzi, kawiri. Ndinapempha m'mtima kuti netiweki ya ku Joni igwe, koma tsiku limenelo inali bwino kuposa masiku onse.

"Halo, mhamha?"

"Ndine, mwanangu."

"Baba? Kwagwanji? Amayi ali bwino?"

"Ali bwino, ali pompano, maso awo ali bwino kwambiri. Iweyo wakhala pansi kapena waima?"

"Ndaima. Bwanji?"

"Peza mpando," ndinatero. Akazi anga anapinda manja pachifuwa n'kusendera pafupi kuti amve bwino.